Abwere Okha Adzapemphe Giranola

Amayi, kodi muli bwanji komwe munapitako?

Kuno ku Kapondo tilipo. Esinati wanu wabereka mwana wamkazi, mphuno yake yanu yomwe ija. Mtedza wachita bwino chaka chino, kungoti mbuzi za a Zuze zatithera chinangwa.

Koma ndakhalira pansi nkhani ya mkamwini wanu, bambo a Tadala. Titangokuikani, kuchipatala anandipeza ndi shuga yemwe anakutengani uja. Ndinawonda mpaka chitenje chinkavuka chokha. Bambowo anamanga fodya amene tinalima tonse n'kukakwatira mkazi wogulitsa zitumbuwa pa Kamwendo. Potuluka anandiuza pamaso pa ana kuti, "Sindingagone nyumba imodzi ndi maliro oyenda." Munkati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ine ndinkayesa mukungowada.

Amene anandidzutsa ndi namwino wina wa ku Rumphi, Sisitala NyaGondwe. Ataona kuti ndikuopa chakudya chilichonse, anandiphunzitsa cham'mawa chimene amachitcha giranola. Ndimakazinga mapira, mtedza, chitowe ndi nthanga za maungu, chilichonse pachokha. Kenako ndimakanyira nthochi yakupsa, timafuta ta mpendadzuwa ndi koko wopanda shuga amene amayi a geni amandibweretsera kuchokera ku Chipata. Ndimabwezera pa chiwaya, moto wa makala wochepa, mkono osapuma, chifukwa koko akapserera amawawa ngati nkhwani wokhwimitsa. Zikazizira zimagwirana timibulu tonunkhira chokoleti. Kadzanja kamodzi mu chambiko, ndi mankhwala anga, ndimalima mpaka dzuwa pamutu. Mukanalawako, Amayi, inu amene munamwalira mukulakalaka kanthu kokoma pakamwa.

Thupi labwerera. Aphunzitsi ndi anamwino a ku boma odwala shuga amachita kutumiza njinga kudzatenga.

Tsono imvani. Lachiwiri lapitali ndikusenda mtedza, ndinamva odi. Anali mkazi wa zitumbuwa uja, atagwada kutali ngati wafika pa mlandu. Akuti bambo a Tadala awapeza ndi shuga, mapazi atupa, chakudya akukana, ndipo kuchipatala awauza za ine.

"Mayi, tithandizeni kambale kamodzi," anatero.

Mtima wanga unavina chimtali, sindikubisirani. Ndinamupatsa madzi akumwa, pakuti munandilera bwino. Ndinatsegula ndowa ya giranola kuti fungo limufike, n'kutsekanso.

"Mukawauze kuti maliro saphika," ndinatero. "Ngati akufuna, abwere okha masana, ayime pabwalo pano pomwe ananenera, ana ali pompo, anene kuti ananama."

Amayi a Chigwirizano akuti ndikhululuke. Ndidzakhululuka, koma osati kudzera mwa wamthenga. Abale a bambo a Tadala akuti ndawalodza. Ndawayankha kuti ufiti wanga ndi chiwaya, abwere adzachione.

Dzulo Tadala anawaona bambo akewo pamsika akutsamira ndodo, akufunsa mtengo wa kabaza wobwera kuno. Ndasesa pabwalo, ndauzanso anthu oyandikana nafe kuti asapite kudimba. Bambowo akanena mawuwo ndidzawapatsa, chifukwa sindikufuna afe msanga. Akhale ndi moyo, azitafuna za m'manja mwanga m'mawa uliwonse, zizikoma, manyazi akuwatsamwitsa.

Ndimakukondani, Amayi. Ndikulonjeza kuti sindibwera kumeneko msanga. Ayambe iwo kufika, ndipo mukadzawaona musadzawapatse mpando.

Ndine mwana wanu,
Felesiya