Zikomo wanga wamangitsa kaputeni

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Perth, ku Australia, malire akadali otseka chifukwa cha korona, n'chifukwa chake manda anu sindinawaonebe. Alamu anu a Nachisale alandira mdzukulu wamkazi, ndipo akuti chimanga chachita bwino m'munda mwanu mwa kudambo. Ine ndikadali kusamalira okalamba ku Midland.

Koma ndili ndi nkhani yolemera, amayi. Dalitso wanu anathawa usilikali. Akuti zimene anaona kumene anawatumiza sangazionenso kawiri. Anafika padoko la Beira n'kubisala m'sitima ya katundu yobwera kuno. Kaputeni wa sitimayo, bambo wachikulire wa ku Philippines, anamupeza pakati pa nyanja atatsala mafupa okhaokha. Lamulo limati kaputeni akapeza munthu wotere aziuza akuluakulu a padoko msangamsanga. Iye anangomusunga, n'kumamudyetsa, mpaka kumubwereka foni kuti andiuze kuti ali moyo.

Sitimayo itafika kudoko la kuno la Fremantle, anaiimika patali masiku angapo poopa matenda. Amayi a kutchalitchi kwathu anakonza timaphukusi ta sopo ndi mabisiketi totumiza kwa amalinyero. Ine mtima sunkakhazikika. Ndinkangomva mawu anu aja: "Wapita kukathokoza? Nyamuka, usandichititse manyazi." Ndiye ndinalemba kakalata n'kuika m'phukusi la kaputeni, kumuthokoza posunga mlongo wanga milungu itatu yonse. Ndinasainanso dzina langa lonse, kupusa kwanga ine.

Azaumoyo atakwera kukayeza aliyense, anamupeza Dalitso. Kaputeni anakana kuti sankadziwa kanthu, Dalitso nayenso anati anabisala yekha. Nkhani ikanathera pomwepo. Koma apolisi anapeza kalata yanga m'Baibulo la kaputeni. Bambo uja sanaitaye, amayi, anaisunga.

Dalitso ali m'manja mwa a zolowa ndi zotuluka m'dziko, mlandu wake ndi wina. Kaputeni akuti angamulande chiphaso cha ntchito n'kumutsekera m'ndende. Kwawo ali ndi mkazi wodwala.

Lachinayi ndikaonekera kukhoti. Akandionetsa pepala lija n'kundifunsa ngati ndinalemba ndine. Ndikuopa, ndipo ndikudzida kwambiri. Bodza sindikanena, munandilera ndinu. Koma ndikukulonjezani kuti kaputeniyo akamutsekera, Lamlungu lililonse ndizikamuona mpaka adzatuluke, ngakhale atakana kundiyang'ana.

Ndimakukondani, amayi.

Mwana wanu,
Tadala