Mlandu wa Mimba ya Yeremiya

Bangwe, Blantyre

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kumeneko. Bondo lija likuti bwanji ndi chisanu cha ku Mayani? Kuno tilipo, koma ine kutopa kwandilowa m'mafupa. Kalatayi ndapatsira a Sulemani a lole ya kachewere, aisiya kwa achemwali pa Linthipe.

Mdzukulu wanu Yeremiya watuluka m'chipatala. Anamuchita opaleshoni, ndipo pano chimbudzi chikutulukira pa kabowo kapamimba n'kumagwera m'kathumba. Musachite mantha, akuti akanenepako adzalumikiza matumbo bwinobwino. Mimba ija yaphwa, ndipo akuyamwa ngati akulipsira. Geni ya tomato ndiye inaima, benchi yanga kumsika anakhalapo kale wina.

Mizu munatumiza ija ndinalandira, koma sindinamumwetse. Uthenga wa amalume unafikanso, woti kutupa kwa mwanayu ndi mdulo, bambo ake anayenda njira ine ndili m'chikuta, ndipo ankhoswe akhale pansi mwezi wamawa. Amayi, nkhani imeneyi yandilemera kuposa matendawo.

Ndinawafunsa adokotala mosapita m'mbali. Ndi mayi wa ku Ntcheu, za mdulo amazidziwa, choncho sanandiseke. Anatenga pepala n'kujambula matumbo. Anati mwana akangoyamba kuumbika, tinthu tating'ono totchedwa maselo timanyamuka cha kukhosi n'kumatsika m'matumbo mpaka kumapeto, tikuyala mitsempha imene imauza matumbo kuti akankhe chimbudzi. Tinthuti tilibe maso. Matumbo ndiwo amatulutsa timadzi totiitana, ndipo selo lililonse lili ndi malo pakhungu pake pamene timadzito timalowa ndendende ngati kiyi m'loko. Kiyi akalowa, selo limasuntha kulondola kumene timadzito tachuluka. Ine ndinakumbuka inu mukamwaza madeya, nkhuku n'kumakutsatani mpaka m'khola.

Kwa Yeremiya, anati, mwina loko ndiye anaumbika mokhota, mwina kuitanako kunachepa, ndiye maselo anathera panjira. Kachigawo kakumapeto kanatsala kopanda mitsempha, n'chifukwa chake chimbudzi chinkangounjikana. Ndinafunsa kuti zinachitika liti. Anati m'miyezi itatu yoyambirira ya pathupi, ndipo palibe chimene ine kapena bambo ake tinachita kuti zitero.

Werengerani nokha, Amayi. Nthawi imeneyo tinali komweko tikukukumbirani kachewere. Apongozi anu a Rafaelo ankachoka kudimba ali mbuu, n'kugona asanamalize n'kudya komwe. Komanso a Rafaelo mukuwadziwa, munthu woti mkazi akamupatsa moni amayankha akuyang'ana zala zakuphazi.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Kuchipatala anamwino anaphunzitsa iwowo kusintha kathumba kaja, chifukwa ine bala ndimaliopa. Ankachita mwaluso, akumuimbira mwana nyimbo za kwaya. Chifikireni uthenga wa amalume, asiya kumugwira. Ndinawakalipira, ndinawaonetsa pepala la adokotala, koma anangoti, "Ndikudziwa kuti sindinalakwe. Koma akuluakulu anena kuti ndine wamoto. Nanga nditamunyamula n'kudwalanso, ndidzauza ndani?"

Ndiye akaweruka ku ukalipentala amatunga madzi, amachapa matewera, kenako amakhala pakhomo n'kumamuyang'ana mwana chapatali. Kathumba ndikusintha ndekha, mokhotakhota, moti khungu la mwana layamba kufiira. Ndatopa, Amayi, ndipo ndili ndi mantha.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa amalume mukawauze kuti za ankhoswe zilekeke, kenako mubwereke foni kwa akatekisiti muwaimbire a Rafaelo. Ndikudziwa kuti kwathu munthu salankhulana ndi apongozi maso ndi maso, koma pafoni simuonana. Za maselozi musavutike nazo ngati zakuzungulirani mutu. Mungowauza ndi pakamwa panu kuti anyamule mwana wawo. Adokotala anena, ine ndanena, koma mawu amene akudikira ndi anu.

Mupereke moni kwa amalume, ngakhale andikwiyitsa, kwa azakhali, achemwali ndi alamu, ndi ana onse. Ndilekere pomwepa, Yeremiya wadzuka. Wamva mawu a bambo ake panja, ndipo akulira atatembenukira kukhomo.

Ndine mwana wanu,
Magadalena