Ang'amba mpira wanga wa chikopa

Lachitatu, 9 Okutobala. Lero landiipira, mpaka pano mtima ukuwirabe.

Pochokera kusukulu ndapeza alandilodi anga, mayi Namakhwa, ali pakhonde ndi mkulu wa mpingo wawo. Pamkeka panali mpira wanga wa chikopa cha mbuzi, ataung'amba pamimba ndi mpeni. Anandisokera ndi a Muhiwa osoka nsapato ku Chiwalo, milungu itatu akuonera chithunzi pafoni yanga. Ndi wa mtundu umene amasewera ku Amereka, wosongoka uku ndi uku, wa ulusi woyera pamsana.

Mayiwo akuti analowa m'nyumba mwanga kudzaona denga mvula isanayambe, ndiye anapeza chithumwa pashelefu.

"Aphunzitsi, mpira umakhala wobulungira," watero mkuluyo. "Nanga ichi chosokedwa ngati bala n'cha chiyani?"

Ndawaonetsa masewerowo pafoni. Ati anthu amenewo akumenyana, sakusewera mpira. M'kati mwa mpirawo apezamo nsanza za zitenje basi, koma wopepesa palibe. Mayi Namakhwa angoti mankhwala enieni saoneka ndi maso.

Zaka zinayi ndikutolera zinthu zimenezi: chipewa cha osewera choluka ndi mlaza, jezi yosokedwa ndi atelala a ku Nkhulambe, ndi mpirawu, umene ndimaukonda kuposa zonse. Mawa ana anga a sitandade sikisi akhala atamva kale kuti aphunzitsi awo amasunga zithumwa.

Chibadwire sindinalodzepo munthu. Koma lero, ndikanakhala nacho chithumwa chenicheni, mayi amenewa...