Tinsomba Tosankhira Alendo

Lolemba, 6 Meyi
Zotsatira zatuluka. Tinsomba touma togaya ufa wa chakudya cha nkhuku: mafuta opatsa thanzi a omega-3 achuluka kuposa a chaka chatha pafupifupi kawiri. Makina ndawayesa, ali bwino. Abwana akondwa: "Lembani lipoti, tisindikize pamatumba." Pansi pa lipotilo padzakhala dzina langa. Sindikukhutira, ndiyezanso.

Lachitatu, 8 Meyi
Ndabwereza ndi mankhwala atsopano. Zomwezo. Mnzanga wa mu labu akuti, "Iwe ukapeza zoipa umadandaula, ukapeza zabwino umadwala." Kunyumba mayi a ana akuti malaya ndizivulira panja, amphaka a aneba ayamba kundiperekeza.

Lachisanu, 10 Meyi
Kosungira katundu. Matumba mpaka kudenga, malata akuotcha, fungo la mafuta okhalitsa. Ndapisa dzanja m'thumba limodzi: tofiirira, tophwanyika, mchenga pansi. Tomwe ndinayeza ine n'toyera, tathunthu, tonona. Mafuta amenewa sachedwa kuonongeka ndi kutentha.

Lolemba, 13 Meyi
Kwa mayi otigulitsa tinsomba, pamathandala awo oyanikira. Ndawafunsa mmene anatapira toyeza tija. Kuseka. "Achimwene, munthu wa kuofesi n'kumutumizira zinyenyeswa? Ndinakhala pansi ndi mlamu wanga, kusankha kamodzikamodzi. Tongouma kumene!" Andimangira kaphukusi ka ana. Ndalandira ndi manja awiri.

Lachinayi, 16 Meyi
Ndayeza tochokera m'matumba. Mafuta sakufika ndi theka lomwe. Abwana: "Nsomba ndi zomwezo, bambo. Mwasintha ndinu." Akuti manambala otsika akakhala oona, ndiye kuti mayi aja amatigulitsa zinyalala, tipeza wina. Ndafotokoza za kutentha kwa kosungira kwathu. Iwo maso pafoni.

Lachiwiri, 21 Meyi
Ndasaina lipoti la manambala otsika. Tsamba loyamba, manambala. Lachiwiri, kuti vuto lalikulu ndi malata athu ndi kusunga matumba miyezi, osati ogulitsa. Ndalemba bwino, ndawerenga mobwereza, palibe cholakwika.

Lachisanu, 24 Meyi
Abwana amawerenga tsamba loyamba lokha. Izi ndimazidziwa kale. Dalaivala wauzidwa kuti asapitenso kwa mayi aja. M'mawa mayiwo anatumiza uthenga: "Achimwene, galimoto sinabwere. Kodi tija sitinakome?" Tsopano foni ikunjenjemera patebulo. Ndi iwo. Ndiyamba ndi moni, kenako...