Chithunzi cha Diso la Ababa

Achimwene Addi,

Landirani moni wochokera kuno ku Agdz. Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Belgium sichikukuzunzani, inu, alamu ndi kamwana kathu Tilila. Ife tilipo. Kanjedza wabereka bwino chaka chino, koma tachita kulemba aganyu okolola.

Tsiku la msika kunabwera namwino, mayi Rkia, ndi kachipangizo kolumikiza ku foni, kojambula m'kati mwa diso. Odwala shuga onse anaitanidwa, ndiye ndinawaperekeza Ababa.

"Mwana iwe, maso awa ankazindikira chipatso chakupsa ndili pansi pa mtengo, iwe usanabadwe," anatero Ababa kwa namwinoyo. Namwino anaseka, n'kuwajambula.

Chithunzicho chinali chofiira ngati dzuwa likamatuluka kuseri kwa phiri la Kissane. Ndinakumbuka m'mawa muja tili ana, Ababa ali pamwamba pa kanjedza akuimba, ife pansi tikulimbirana zipatso zakugwa. Inu munkandilanda zanga.

Koma pachithunzipo panali timadontho tambiri. Namwino anasiya kuseka, n'kuchitumiza kwa dokotala wa ku Ouarzazate. Dokotalayo akuti maso a Ababa ayamba kuwonongeka, tipite nawo kumeneko mwezi uno usanathe. Ababa ndawauza kuti n'kukangoyezetsa chabe.

Masiku ano akamathira tiyi, wina amatayikira pathireyi. Ine ndimangopukuta. Dzulo anagwira chithunzi cha Tilila kwa nthawi yaitali, kenaka anandifunsa ngati wafanana ndi malemu Amayi.

Munati mudzabwera naye Tilila chilimwe cha chaka chamawa. Ngati kuntchito angakuloleni, achimwene, musadikire chilimwe.

Ndine mlongo wanu,
Itto