Miyanda Nayenso Wayamba Moto Uja

Ba Phineas,

Pepani, mupeza nyumba ili zii, galimoto ndatenga. Mlongo wanu Miyanda wandiimbila akulila ku Chelstone. Akuti thupi likumuyaka moto, thukuta kamukamu pamaso pa anzake ku ofesi, kumwezi anasiya, ndipo ba neba amuuza kuti alipo wamulodza. Ndi zomwe zija zinandigwila ine atandichotsa chibelekelo ndi timatumba ta mazila.

Amafuna ndimugawileko mapilisi anga a esitirojeni. Ndakana. Ndamuuza kuti ndi homoni yomwe thupi la mkazi limapanga lokha, ikachepa ndiye moto umenewu, koma adokotala ayambe amupima BP ndi mabele. Manje ndikupita naye ku kiliniki ku Woodlands.

Mwamuna wake akuti akungodzichititsa. Nditamva zimenezo ndakumbukila inu, mmene munkachapila nsalu zapabedi osadandaula, ine ndikukukalipilani popanda chifukwa, mpaka munandikokela kuchipatala. Zikomo, bambo wanga. Ndinakwatiwa bwino.

Mwana wathu Emmy mukamutenge kusukulu pa minibasi, simufa. Nkhuku ili mufiliji. Madzulo mumuimbile mlamu wanuyo, mwamuna wa Miyanda, mumuphunzitseko. Ine angandiyankhe mwano, koma inu akumvelani.

Elina