Nsalu Yofiira Pageti la Amalume

Mpopoma,
Bulawayo.

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndipo bondo lija lasiya kukuvutani. Ine kuno ndili bwino. Achimwene anu, amalume a Gibson, nawonso ali bwino. Ali moyo, akudya, ndipo pamene ndikulemba pano akukalipira nkhuku za eni ake. Ndalemba kalata chifukwa foni yanga mwasiya kuyankha, ndiye ndapatsira a Loyce amene akubwera kumudziko pa basi.

Ndikudziwa mwakwiya kuti munalira maliro opanda mtembo. Wolakwa ndine, koma tamvani mmene zinayendera.

Chifikireni kuno ndimakhoma mipando kuseri kwa nyumba ya amalume. Ntchito ndimaitha, koma kuseriko angaione ndani? Nditapita kuchionetsero cha zamalonda m'tauni ndinaona anzathu atayala katundu panja, mbendera zili petupetu, anthu akukhalira mipando, kuisisita, kenako n'kugula. Ndinati nanenso mutu ndili nawo.

Loweruka m'mawa amalume anapita kuchipatala kukayezetsa magazi. Ine ndinatulutsa mipando yanga yonse n'kuindandalika pabwalo. Poona kuti yachepa, ndinatulutsanso masofa a pabalaza, poti ndinawakonza ndine, ndi tebulo lomwe. Pabalaza panatsala mbee. Mbendera ndinalibe, ndiye ndinatenga nsalu yofiira yotsala pokuta sofa n'kuimangirira pageti kuti izioneka patali.

Amayi, kwathu kukagwa maliro timaika masamba pamsewu. Kuno amatulutsa katundu wa pabalaza n'kumanga nsalu yofiira pageti. Palibe anandiuzapo.

Woyamba kufika anali NaThandeka, mayi woyandikana nafe, amene anaona amalume akukwera kombi ya kuchipatala. Anayang'ana nsalu, anayang'ana masofa, anagwira kumutu n'kuthamanga. Ine ndinati akukatenga mwamuna wake kuti adzasankhe limodzi.

Posakhalitsa pabwalo panadzaza. Azibambo anakhala pamipando yanga, ine ndikuwalimbikitsa kuti atsamire bwinobwino amve kufewa. Ankandigwira chanza akulankhula Chindebele chapansipansi, ine n'kumangoti yebo, yebo, mano onse ali panja. Azimayi anapitirira m'nyumba, ndipo ndinaganiza kuti akukaona ngati muli katundu wina. Mdala wina wa kwathu ku Ntcheu anandinong'oneza kuti sanaonepo mnyamata wolimba mtima ngati ine. Ndinamuthokoza.

Nditamva nyimbo ya maliro m'nyumba m'pamene ndinazindikira kuti awa si ogula. Ndisanatsegule pakamwa, amalume anatulukira pakona. Ataona nsalu pageti lawo anavula chipewa n'kuyamba kulira mokweza kuti mwana wa mlongo wawo wawafera m'manja, nanga Esnart akamuuza chiyani. Ankalira ine, Amayi, ine nditaima potero ndi tepi yoyezera m'khosi. Anthu atawaona anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. NaThandeka anasiya nsapato imodzi, mpaka lero sanabwere kudzatenga.

Nthawi imeneyo n'kuti uthenga utakufikani kale kudzera pagulu la pafoni la Amalawi a kuno.

Madzulo ake amalume anandiuza kuti ndilongedze, ndipite ku Joni kaya kulikonse, poti ndawaika m'manda akupuma. Kenako anakhala pasofa panja pomwepo n'kumatchula amene anabwera kudzawalira ndi amene sanaoneke. Atafika pa dzina lanu anati inu simukanagwetsa ndi msozi umodzi womwe, chifukwa simunawakhululukire kuti sanabwere pamaliro a agogo.

Zinandipweteka, ndiye ndinalakwanso kachiwiri. Ndinawatsegulira mawu aja munanditumizira pafoni, mukulira kuti achimwene apita musanalankhulane, ndipo palibenso amene adzakutchuleni Esinati wamakani.

Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati ndibwereze. Tsopano m'mawa uliwonse asanamwe tiyi amandiitana kuti ndiwaikire maliro awo aja. Amaseka pamene mukumina, koma maso amakhala atafiira.

Malonda ndiye ayenda. A bungwe la maliro la kuno aitanitsa mabenchi, akuti sanakhalepo bwino chonchija pamaliro alionse. Koma chikwama changa chikadali chomanga. Amalume akuti ndikhala pano pokhapokha mwini wake wa mawu aja atawalankhula iwo akumva.

Choncho ndikupempha, Amayi. Ine ndikalipireni mmene mungathere, ndikuyenera. Koma aimbireni achimwene anu. Kulira munalira kale, changotsala ndi moni. Nsalu ija anaimasula okha, anaipinda bwinobwino n'kuisunga m'sutikesi mwawo. Anati tsiku limene idzamangidwe zenizeni, foni ikadzalira iwo sadzaimva.

Mundiperekere moni kwa Akuzike ndi ana, ndi onse amene anasonkhana kwanu tsiku lija. Muwauze kuti ndapepesa. Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Ezra